UNZIKA WA MAIKO AWIRI: TIYESE MAU A MBALI ZONSE PA MLANDU WA AMWENYE OKHALA KUNJA

Mau amene Mlembi wa Nthambi anakamba pa msonkhano wa maphunziro wa mwezi uno



Komiti ya nthambi inandituma kuti lero ndikambe za unzika wa maiko awiri, ndiko kuti munthu mmodzi kulembedwa m'kaundula wa maiko awiri ndi kunyamula mapasipoti awiri. Ndasankha kuikamba nkhaniyi poyang'ana dziko la India, pakuti palibe dziko lina limene anthu ake obadwira momwemo ali ochuluka kunja koposa ilo, ndiponso mlanduwu kumeneko sunathe kufikira lero. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wotere mu December 2018, zaka zoposa 50 chipatsidwire lamulo lakale la 1966 limene linkauletsa. Anzathu a ku Zambia anauvomereza mu 2016. Tsono popeza ambiri a ife tili ndi ana ndi alongo ku Johannesburg, ku Harare ndi ku London, nkwabwino kuti timve m'mene dziko lina lalikulu likulimbanira ndi funso lomweli.

Pabwalo la milandu mfumu yanzeru siweruza chifukwa wina wakweza mau. Kotero mau alionse amene timve lero tiwafunse mafunso atatu. Kodi ndi oona? Kodi akuthandiza yani? Nanga adzasenze mtolo wake ndani?

KODI AMWENYE A KUNJA NDANI?

Boma la India limawerenga anthu pafupifupi mamiliyoni 35 amene ali kunja, pophatikiza nzika zake ndi zidzukulu za anthu amene anachoka kale. Koma anthu awa sali a mtundu umodzi, ndipo amene awaika m'dengu limodzi walakwitsa mlandu usanayambe. Ali m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la zidzukulu za anthu amene anatengedwa pa nthawi ya ulamuliro wa Angerezi. Ukapolo utathetsedwa, eni minda ya nzimbe anasowa antchito, ndipo kuyambira 1834 anayamba kulemba anthu osauka a ku India pa mapangano a zaka zisanu. Anawatengera ku Mauritius mu 1834, ku Guyana mu 1838, ku Trinidad mu 1845, ku Natal mu 1860 ndi ku Fiji mu 1879. Kulemba kumeneku kunaletsedwa mu 1917, anthu oposa miliyoni imodzi atapita kale. Enanso pafupifupi 32,000 anabwera kudzamanga njanji yochokera ku Mombasa pakati pa 1896 ndi 1901, ndipo amalonda a ku Gujarat anafika okha mpaka ku Limbe ndi ku Zomba. Ambiri a zidzukulu zao sanapondepo ku India.

Gulu lachiwiri ndi la antchito a ku maiko a mafuta a Aluya: United Arab Emirates, Saudi Arabia, Kuwait, Qatar, Oman ndi Bahrain. Kumeneko kuli Amwenye pafupifupi mamiliyoni 9. Alipo madokotala ndi amalonda, koma ochuluka ndi omanga nyumba, oyendetsa magalimoto, anamwino ndi antchito a m'nyumba.

Gulu lachitatu ndi la anthu ophunzira kwambiri amene anapita ku America, Britain, Canada ndi Australia, nakhala madokotala, mainjiniya ndi akatswiri a makompyuta. Sundar Pichai amene ayendetsa Google ndi Satya Nadella amene ayendetsa Microsoft anabadwira ku India. Rishi Sunak, amene anakhala Nduna Yaikulu ya Britain kuyambira 2022 mpaka 2024, ndi mdzukulu wa anthu a ku Punjab amene anadzera ku East Africa.

Gwirani magulu atatuwa m'mutu, pakuti tidzabwerako.

LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Malamulo oyendetsera dziko la India anayamba kugwira ntchito pa 26 January 1950, ndipo ndime ya 9 inanena kuti munthu amene watenga unzika wa dziko lina mwa kufuna kwake sali nzika ya India. Lamulo la unzika la 1955 linalimbitsa mau omwewo. Kotero Mmwenye akalumbira kukhala nzika ya Canada, unzika wake wa ku India watha, ndipo ayenera kubweza pasipoti yake.

Jawaharlal Nehru, Nduna Yaikulu yoyamba, ankalangiza Amwenye a kunja kuti adziphatike ku maiko amene akukhalamo ndi kufunira zabwino eni dziko, osayembekeza kuti India adzawamenyera nkhondo. Maganizo amenewa anakhala zaka zambiri. Anayamba kusintha pamene India anasauka ndalama za kunja mu 1991, naona kuti ana ake a kunja alemera. Mu 2000 boma linakhazika komiti yotsogoleredwa ndi L. M. Singhvi, ndipo komitiyo inalangiza kuti a m'maiko ena aloledwe unzika wa pawiri. Pa 9 January 2003 Nduna Yaikulu Atal Bihari Vajpayee anatsegula msonkhano woyamba wa Amwenye a kunja, wotchedwa Pravasi Bharatiya Divas, nalonjeza zomwezo. Tsikulo analisankha chifukwa pa 9 January 1915 ndi pamene Gandhi anabwerera kwao kuchokera ku South Africa.

Koma chimene chinabadwa sichinali chimene chinalonjezedwa. Chinabadwa ndi khadi lotchedwa Overseas Citizen of India, mwachidule OCI, limene linayamba kuperekedwa kumapeto a 2005. Dzina lake likuti nzika, koma mwini khadilo sali nzika. Alowa ndi kutuluka m'India moyo wake wonse wopanda kupempha chilolezo, akhoza kukhala, kugwira ntchito m'makampani, kuphunzira, ndi kugula nyumba. Koma savota, sakhala phungu, sakhala woweruza wa makhoti akulu, salembedwa ntchito ya boma, ndipo sagula munda wolima. Amene iye mwini, makolo kapena agogo ake anakhalapo nzika za Pakistan kapena Bangladesh salandira khadilo.

Ndiye muone, abale, kuti mlandu wachepa. Za maulendo, malonda ndi nyumba zinatha kale. Zatsala ndi zitatu: voti, udindo m'boma, ndi chitsimikizo chakuti munthu sadzatsekeredwa pakhomo.

MAU A OFUNA UNZIKA WA PAWIRI

Mau ao oyamba ndi a ndalama. Akuti: ife timadyetsa dziko, bwanji mutiyesa alendo? Kodi ndi oona? Ndi oona ndithu. India alandira ndalama zochokera kwa ana ake a kunja koposa dziko lina lililonse, ndipo mu 2022 zinapitirira madola a ku America mabiliyoni 100 pa chaka chimodzi. Mu 1998, maiko ena atamana India chithandizo chifukwa choyesa mabomba a nyukiliya, anthu a kunjawa anabwereka dziko lao madola oposa mabiliyoni 4. Komanso kafukufuku wa banki yaikulu ya India wasonyeza kuti m'zaka zaposachedwa ndalama zochokera ku America zaposa zochokera ku United Arab Emirates. Izi tisazikane.

Koma mau oona sakhala okwana nthawi zonse. Ndalama zimenezi zakhala zikubwera ndi kuchuluka popanda unzika wa pawiri. Mwana satumiza ndalama kwa amake chifukwa cha pasipoti. Atumiza chifukwa ndi amake. Ndiponso kumbukirani kuti mu 1991, zinthu zitavuta, ambiri a kunja anachotsa ndalama zao m'mabanki a India msanga. Koposa zonse, tikati voti iperekedwe chifukwa cha ndalama, tabwerera ku masiku aja pamene munthu ankavota pokhapokha ali ndi chuma kapena maphunziro akuti. Ife amene tikudziwa mbiri ya atsamunda sitingayamikire muyeso umenewo. Mau awa ndiwapatsa theka la malikisi.

Mau achiwiri ndi a mtima. Akuti: ndinatenga pasipoti ya America chifukwa cha ntchito ndi ana anga, koma chinenero changa, chakudya changa ndi makolo anga zili ku India, mundidula bwanji? Apa ife a kuno tikhoza kumva bwino. Mwamuna akapita ku chikamwini, alima munda kumeneko, amanga nyumba kumeneko, koma sanaleke kukhala mwini mbumba kwao. Alongo ake akadwala amtumira mthenga, ndipo maliro akagwa asoweka. Palibe amene amuuza kuti popeza wakwatira kutsidya, usamatchulenso pfuko lako. Mtima wa munthu ukhoza kukonda malo awiri, ndipo amene akana izi sanayendepo. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Komabe otsutsa adzati: chikondi sichilira chikalata. Adzaloza Amartya Sen, katswiri wa za chuma amene analandira mphotho ya Nobel mu 1998, amene wakhala zaka zambirimbiri ku Britain ndi ku America koma sanasiye unzika wa India. Poyankha tinganene kuti munthu wotchuka ngati iyeyo zitseko zimtsegukira zokha, pamene namwino wamba afuna unzika wa kumene akukhalako kuti asathamangitsidwe ntchito ikatha. Kotero mau a mtimawa ndi oona, koma paokha sanena kuti munthu apatsidwe voti.

Mau achitatu ndi akuti dziko likutaya ana ake. Boma lenilenilo linauza Nyumba ya Malamulo kuti mu 2022 anthu oposa 225,000 anasiya unzika wa India, ndipo mu 2023 oposa 216,000. Ambiri a iwo akadaloledwa akadasunga. Ku Goa nkhaniyi njowawa koposa, pakuti dera limenelo linali m'manja mwa Apwitikizi mpaka 1961, ndipo anthu ambiri amene analembetsa kubadwa kwao ku Portugal kuti apeze ntchito ku Ulaya anataya mapasipoti ao a India. Mau awa ndi olemera. Koma tisanamizidwe kuti pasipoti yachiwiri idzabweza dokotala ku chipatala cha kumudzi. Chimene chinamchotsa ndi malipiro ndi kakhalidwe ka ntchito, ndipo chidzambweza ndi chomwecho.

Mau achinai ndi akuti maiko ena alola. Britain alola, America alola, Germany anatsegula chitseko mu June 2024, ndipo ngakhale Pakistan, Bangladesh ndi Sri Lanka alola mwa njira zao. Inde. Koma China salola, Japan salola. Mwana wa sukulu akati "anzanga onse alemba yankho ili," mphunzitsi samchongera pa chifukwa chimenecho. Phindu la kuyang'ana maiko ena nlakuti tione ngati zoopsa zimene zinanenedwa zinachitikadi, ndipo kwambiri sizinachitike.

Mau achisanu ndiwo amene ine ndiwayesa amphamvu koposa onse, ngakhale satchulidwa kawirikawiri. Khadi la OCI lili m'manja mwa boma, ndipo boma likhoza kulilanda. Mu November 2019 linalanda khadi la wolemba nkhani Aatish Taseer, amene anakulira ku Delhi ndi amai ake. Boma linati anabisa kuti bambo ake anali a ku Pakistan. Iye ndi anzake ambiri olemba nkhani anati chifukwa chenicheni nchakuti miyezi ingapo m'mbuyomo analemba nkhani yodzudzula Nduna Yaikulu Narendra Modi m'magazini ya Time. Mu March 2021 boma linalamulanso kuti mwini khadi apemphe chilolezo chapadera asanachite kafukufuku, asanagwire ntchito ya utolankhani kapena ya umishoni. Nzika ikadzudzula boma, boma likhoza kuiimba mlandu, koma silingaitsekere kunja kwa dziko lake. Mwini khadi likhoza kumtsekera, amai ake ali kudwala mkati. Munthu wotere adzayankhula monong'ona masiku onse. Uku ndiko kusiyana kwa ufulu ndi chisomo: ufulu ndi wako, chisomo chili kwa mwini kupatsa.

MAU A OKANA

Mau ao oyamba ndi aja a makolo athu: mapanga awiri avumbwitsa. Akuti munthu sangatumikire mbendera ziwiri, ndipo tsiku la nkhondo adzaima kuti? Kwa India funsoli si la nthabwala. Dzikolo linagawidwa mu 1947, anthu mamiliyoni ambiri nasamuka, mazana a zikwi nafa. Lamenyana ndi Pakistan mu 1947, 1965, 1971 ndi 1999, ndi China mu 1962. Mabanja ambiri ali ndi abale kutsidya kwa malire. Kulola onse nkovuta, ndipo kulola a ku America nkukaniza a ku Pakistan ndi tsankho loonekera. Nduna ya za kunja, S. Jaishankar, inanena mu December 2023 kuti pali zovuta za chitetezo ndi za chuma, ngakhale inavomereza kuti mkangano ukadalipo.

Tiwayese mau amenewa. Za malire nzoona. Koma kazitape safuna mapasipoti awiri kuti agulitse dziko. Ambiri amene anagulitsa maiko ao anali ndi pasipoti imodzi. Ndiponso pali mankhwala ake. Malamulo a Australia saloleza munthu wa unzika wa pawiri kukhala phungu, ndipo mu 2017 aphungu angapo anachotsedwa pa chifukwa chimenechi, pamodzi ndi wachiwiri kwa Nduna Yaikulu. Khoti lalikulu la Pakistan linachita chimodzimodzi mu 2012. Kotero dziko likhoza kulola munthu kusunga unzika, nkumukaniza usilikali, uphungu ndi maudindo a zinsinsi. Mau a chitetezo akwanira kutseka zitseko zina za m'nyumba, koma sakwanira kutseka chipata cha mudzi.

Mau achiwiri ndi a voti, ndipo awa ndiwo amphamvu koposa ku mbali iyi. Akuti: walira mvula walira matope, tsono munthu wa ku New Jersey alire mvula, matope apondedwe ndi mlimi wa ku Bihar? Iye asankha boma, koma mtengo wa feteleza ukakwera sumkhudza, chipatala chikasowa mankhwala sagonamo, chipolowe chikabuka ana ake ali kutali. Kwao avota kale. Apatsidwenso voti yachiwiri pamene mlimi ali ndi imodzi? Bwererani kwa mkamwini uja. Kwao amlemekeza, koma pogawa minda ya chaka chino mau akulu ali ndi amene adzailima. Ena ayankha kuti pa chisankho cha 2024 ovota a ku India anali pafupifupi mamiliyoni 970, ndiye a kunja sangasinthe kanthu. Koma chisankho cha kumeneko chichitika dera ndi dera, m'madera 543, ndipo a kunja sachokera m'madera onse mofanana. Achuluka ku Punjab, Gujarat, Kerala ndi madera ena ochepa. Pamene phungu apambana ndi mavoti zikwi zochepa, mavoti a kutali akhoza kugamula. Mau awa ndiwalandira.

Koma pali mau ena amene amayenda limodzi ndi awa, akuti osakhoma msonkho asavote. Amenewo ndiwakana. India akhometsa msonkho poyang'ana kumene munthu akukhala, osati pasipoti yake. Nzika imene yakhala ku Dubai chaka chonse sikhoma msonkho ku India pa malipiro a kumeneko, komabe ili ndi voti. Ndiponso osauka ambiri a m'dzikomo safika pa mlingo wokhoma msonkho wa malipiro. Tikamanga voti pa msonkho, oyamba kugwa ndi iwowo.

Mau achitatu ndi a Nehru aja, akuti unzika wa pawiri uika anthu pa ngozi kumene akukhala, chifukwa eni dziko adzati awa si athu. Mbiri ili ndi zowawa zambiri. Ku Ceylon, imene lero ndi Sri Lanka, lamulo la 1948 linasiya antchito a m'minda ya tiyi ochokera ku India opanda dziko, ndipo pa pangano la 1964 India anavomera kulandira 525,000, Ceylon nasunga 300,000. Mu August 1972 Idi Amin anapatsa Amwenye a ku Uganda masiku 90 kuti achoke. Ku Fiji asilikali analanda boma mu 1987, ndipo mu 2000 Nduna Yaikulu Mahendra Chaudhry, mdzukulu wa antchito a nzimbe, anachotsedwa ndi mfuti. Ngakhale kuno, m'zaka za m'ma 1970, amalonda Achimwenye analamulidwa kuchoka m'midzi kupita m'mizinda.

Tsono taonani bwino. Onsewa anavutika India asanalole unzika wa pawiri, ndipo ambiri analibe pasipoti ya India nkomwe. Wofuna kuthamangitsa mnzake sasowa chifukwa. Achibale athu a ku Zimbabwe akudziwa: lamulo la 2001 linawakakamiza kukana unzika wa Malawi umene ambiri sanautengepo, ndipo ochuluka anatsala opanda chitupa. Komanso tisaganize kuti pasipoti yachiwiri ndi linga losagumuka. Amwenye a ku Kenya anali ndi mapasipoti a Britain, koma mu 1968 Nyumba ya Malamulo ya ku London inapanga lamulo m'masiku owerengeka kuwatsekera khomo. Ndiponso pa pangano la ku Hague la 1930 maiko anagwirizana kuti dziko silingatchinjirize nzika yake kwa dziko lina limene munthuyo alinso nzika yake. Kotero mau achitatuwa satsimikiza mbali iliyonse. Atiphunzitsa chabe kuti choopsa chachikulu si kukhala ndi maiko awiri, koma kutsala wopanda ndi limodzi lomwe.

AMENE AIWALIKA PA MLANDUWU

Tsopano tibwerere ku magulu atatu aja, tifunse funso lathu lachiwiri: unzika wa pawiri uthandiza yani?

Mdzukulu wa ku Trinidad kapena ku Durban ali ndi dziko lake, ndipo kwa ambiri a iwo khadi loyendera likwana. Womanga nyumba wa ku Dubai kapena ku Doha suumthandiza konse, pakuti maiko a Aluyawo sapatsa unzika antchito achilendo kupatula owerengeka, ngakhale munthu akhaleko zaka 30. Iye ali ndi pasipoti imodzi, ndipo adzafa nayo. Otsala ndi a gulu lachitatu, ophunzira ndi opeza bwino, amene ali ndi manyuzipepala, mabungwe ndi njira zofikira kwa nduna. Sindinena kuti pempho lao nloipa chifukwa ndi olemera. Ndinena kuti mau ao amveka koposa chifukwa ali pafupi ndi ng'oma.

Nanga wa ku Dubai uja, amene ali nzika yeniyeni, voti yake ili kuti? Lamulo la 2010 linamlola kulembetsa, koma kuti avote ayenera kukwera ndege kupita kudera la kwao pa tsiku la chisankho. Ndani adzataya malipiro a mwezi ndi kupempha tchuthi kwa bwana chifukwa cha tsiku limodzi? Pa chisankho cha 2024 analembetsa anali osakwana 120,000 mwa nzika mamiliyoni ambiri za kunja, ndipo amene anavotadi sanakwane 3,000, ochuluka a iwo a ku Kerala. Lamulo lowalola kutuma wina kukawavotera linadutsa m'nyumba imodzi ya malamulo mu 2018, koma linafera panjira. Awa ndi anthu amene akazi ao ndi ana ao ali kumudzi, amene adzabwerera kukakalambira komweko, ndipo matope a mvula ija adzawaponda ndi mapazi ao. Pamene Iraq analowa m'Kuwait mu 1990, India ananyamula anthu ake pafupifupi 170,000 pa ndege kuwabweza kwao. Pamenepo dziko linaonetsa kuti liwadziwa. Liwadziwenso pa tsiku la voti.

CHIGAMULO CHANGA

A Pampando, mwandituma kuyesa, tsono ndinene pamene sikelo yaima, ndipo amene aona mwina adzatsutse nthawi ya mafunso.

Choyamba, ngongole yoyamba ya India ili kwa nzika zake zogwira ntchito kunja. Zipatsidwe njira yovotera kumene ziliko, pa positi kapena ku ofesi ya kazembe, asanakambe za voti ya munthu amene analumbira kale ku mbendera ina.

Chachiwiri, munthu wobadwa nzika asatayidwe chifukwa watenga pasipoti ina. Asunge ufulu wolowa ndi kukhala m'dziko la makolo ake, ndipo ufuluwo usachotsedwe ndi kalata ya mu ofesi, koma ndi khoti lokha, iye atamvedwa. Kaya adzautcha unzika wa pawiri, kaya adzalimbitsa khadi lomwe lija, dzina lilibe kanthu. Chachikulu nchakuti ukhale ufulu, usakhale chisomo.

Chachitatu, voti ndi udindo zitsate kumene munthu waika moyo wake. Wa mapasipoti awiri akabwerera nakhala m'dziko zaka zoikika, avote. Akafuna uphungu, unduna kapena usilikali, atule pasipoti inayo poyera. Ngati dziko lifuna kumva mau a ana ake a kunja m'Nyumba ya Malamulo, lichite monga France ndi Italy, amene anawapatulira mipando yowerengeka, kuti mau ao amveke koma asamize mau a okhala m'dziko.

Muona kuti sindinapatse mbali imodzi ng'ombe yonse. Ofuna ali ndi choona pa nkhani ya khomo. Okana ali ndi choona pa nkhani ya voti. Ndipo onse awiri aiwala wantchito wosauka amene sanapemphe pasipoti yachiwiri.

Kwa ife phunziro lake nili. Lamulo lathu linatsegula kale chitseko, koma mafunso amene Amwenye akulimbana nao afikanso kuno: ana athu a kunja adzavota bwanji, ndani akhoza kuima pa chisankho, ndipo malo a m'midzi adzagulidwa ndi yani. Pamene mafunsowa afika, padzabwera anthu odziwa kuyankhula, ena atanyamula ziwerengero za ndalama, ena atanyamula mbendera. Musaombe m'manja msanga. Kumbukirani kuti mnyamata wogwira ntchito m'munda wa mphesa ku Cape alibe womyankhulira monga dokotala wa ku Manchester, chikhalirecho onse awiri ndi ana athu. Funsani ngati mauwo ndi oona, funsani amene athandizidwa, funsani amene adzasenza mtolo.

Ndipempha kuti magulu a amai ndi achinyamata akambirane mfundo zitatuzi m'midzi mwao, ndipo abweretse maganizo ao kwa mlembi msonkhano wa mwezi wa mawa usanafike, kuti tiwalembe m'kalata yathu ino.